Choko Chimatha Msanga ku Rosario

Lolemba ndinalemba mtengo wa ufa wa tirigu pabolodi,
Lachinayi ndinaufufuta ndi chala chonyowa.
Choko chimandithera msanga kuposa shuga.
Mumsewu uno wotsetserekera ku mtsinje wa Paraná
sitolo yanga ndi yopapatiza ngati bokosi la machesi,
koma mikangano ya dziko lonse imakwanamo.

Leandro, mkamwini wanga, amafika madzulo
tayi ili m'khosi, mabuku kukhwapa.
Amati: Amayi, mitengo siikwera yokha ngati utsi.
Kulikulu kuli makina osagona tulo,
amasanza mapeso usiku wonse
kuti alipire anthu odinda mapepala
ovomereza mapepala anzake.
Mukathira madzi mumsuzi mbale zimachuluka,
koma nyama ndi yomwe ija.
Boma lanenepa, likudya ndi manja awiri,
ndipo mmphawi akukhoma msonkho umene palibe anamuuza:
peso ikusungunuka m'thumba mwake ali chiimire m'basi.
Olemera anagula kale madola
n'kuwasokerera m'matiresi.

Sindinganene kuti akunama.
Ndinawaona mayi Nélida Ferraro
akuwerenga penshoni yawo pakauntala, kawiri,
kenako n'kubweza paketi ya mpunga pashelefu
pang'onopang'ono, ngati akugoneka khanda.

Koma pakona pamakhala mlongo wanga Eusebio,
kalaliki wa kunjanji zaka makumi atatu ndi ziwiri,
kalata yomuchotsa ntchito ili m'jekete, yopinda kanayi.
Iye sayankha msanga.
Amayamba wayamwa yereba wowawa m'chikho,
n'kuthiramo madzi otentha, n'kupatsira Leandro,
pakuti chikho sichifunsa chipani.
Ndiye amati: Mwanawe, mafuta ukusengawo
mpeni wako wafika pamnofu wanga.
Sitima ya kumidzi ikaima,
msika wakowo udzabereka anamwino ausiku kumsana?
Mankhwala a shuga a mkazi wanga
adzatsika mtengo liti, iye atagona kale kumanda?

Ndi ululu wa kanthawi, amalume, ngati kuzula dzino.

Dzino la yani?

Zii.
Firiji yokha ikung'ung'udza kuseri kwa tchizi.

Ine sukulu ya zachuma sindinaiponde.
Ndili ndi kope lachikuto chobiriwira
momwe ndimalemba ngongole za anthu a mumsewu uno.
Anatenga mazira mu Malichi, abweza mu Juni,
ndalama yake yokwana ndithu, osaperewera khobiri,
koma ikagula theka la thireyi.
Palibe wandibera, komabe ndaberedwa.
Leandro akuti tsekani kopelo,
mwasanduka kaboma kakang'ono kogawa zimene mulibe.
Eusebio akuti mukalitseka
ana a Benítez adya chiyani pa twente?
Onse awiri amanena zoona,
ndipo onse awiri ali ndi tsamba lawo mmenemo.

Usiku wa dzulo, nditatsitsa chitseko chachitsulo,
ndinakhala pansi pa babu ndi pensulo
n'kuyamba kudula manambala onse.
M'malo mwake ndinalemba zinthu:
Benítez, mazira khumi ndi awiri, botolo la mafuta.
Ferraro, mpunga paketi imodzi, sopo.
Eusebio, yereba, yereba, yereba.
Leandro, matewera a mdzukulu wanga.
Dzira ndi dzira chaka chino ndi chamawa,
palibe nduna ingalisindikize.
Kaya ndiwo msika waufulu, kaya ndi chiyani,
akakangane okha mawa.

Kwacha. Mtsinje uli mbuu ndi nkhungu,
zombo za soya zikutsika kupita kwa eni madola.
Mnyamata wa lole watsitsa matumba a ufa
n'kunditambasulira pepala latsopano
maso ali kumbali, ngati wabweretsa uthenga wa maliro.
Ndamuuza kuti si mlandu wake.
Ndatulutsa bolodi pakhomo,
ndanyambita chala.