Nsapato Pakhomo

Kabukuko kanabwera ndi Tisungeni kuchokera m'tauni.
Anakatola pansi pafupi ndi depoti ya Zomba,
pakati pa dikishonale yopanda chikuto ndi buku la masamu.
Kanazungulira aphunzitsi tonse kuno ku Chingale milungu itatu
mpaka kanayamba kununkha choko ndi mafuta a zitumbuwa.

Nkhani yake, ngati ili nkhani, ndi iyi:
mkazi wina wa ku Japani wakwatiwa kumapiri.
M'mawa uliwonse apeza siteji ya basi yasuntha,
lero mapazi khumi, mawa kuseri kwa munda wa mpunga.
Mwamuna wake akafika madzulo amavula nsapato pakhomo,
ndipo nsapatozo ndi zimene zimayankha moni.
Mwini wake amangodutsa.
Tsamba lomaliza, mkaziyo akuzipukuta fumbi. Basi, kwatha.

A Namaona, a sayansi, anakaponya patebulo.
Ati wolembayu kwawo alibe achibale omulangiza?
Siteji siyenda, anatero, ndayeza, ndakana.
Mayi Kalitera anati apa palibe chozizwitsa,
mwamunayo anamudyetsa,
akanapita kwa ankhoswe zikanatha tsiku limodzi.
Tisungeni anati ayi, ndi fanizo la mkazi m'banja,
nayamba mawu ake ataliatali a ku koleji
mpaka belu linamudula pakati.
Che Duwa, amene amatiphikira tiyi,
Chingerezi sawerenga koma anamva zonse.
Anangofunsa kuti nsapatozo zinkayankha mwaulemu?
Tinaseka mpaka tiyi kutuluka m'mphuno.

Ine sindinanene kanthu.
Ndinakulira ku Chinamwali, kumene minibasi imakuitana ndi dzina.
Chaka chino n'chachisanu ndi chinayi ndili pachikamwini.
Nyumba ndinamanga ndine, dothi ndi la eni.
Mango ndinabzala ndine, ana a alamu amati a kwathu.
Phiri lomwe ndinkaliona kumaso ndili mwana
kuno ndimaliona kumsana,
ndipo chaka ndi chaka likunenepa.
Poyamba ndinkapita m'tauni Loweruka lililonse,
kenako pa malipiro pokha,
pano ndimangotuma.
Mlatho sunakokoloke, njinga zamoto zilipo.
A Namaona, muyezenso bwino.

Usiku umenewo magetsi a sola atayamba kufooka
ndinamufotokozera Elube nkhani yonse.
Ankasola nandolo, mutu uli pansi.
Ndinakometsera pa siteji paja,
ndinkafuna andimve popanda ine kunena,
aone mlendo amene wakhala naye zaka zonsezi.
Anaseka pang'ono pa mpunga.
Pa nsapato sanaseke.

Anati, mayiyo anali ndi mwayi.
Ndinati, mwayi wanji?
Anati, zake zinkayankha.

Nandolo zinapitiriza kugwera m'lichero, imodzi imodzi.
Panja galu wa alamu anauwa kanthu kosaoneka, nasiya.
Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinalowa m'nyumba muno
osagwira foni kapena mulu wa makope a ana,
tsiku limene ndinamufunsa waswera bwanji
n'kudikira kuti amalize.
Ndinabwerera m'mbuyo mpaka chaka cha chigumula
ndipo sindinalipeze.

M'mawa ndinapeza nsapato zanga pakhonde,
zopolishidwa, zoyang'ana kunjira,
monga ndimazipezera masiku onse osafunsa kuti ndani.
Ndinaima pamenepo ndi masokosi okha
mpaka ana a sukulu anayamba kundipitirira.

Kabukuko ndinakabweza kwa Tisungeni nthawi ya buleki.
Anafunsa, mwakaona bwanji, aphunzitsi?
Ndinati n'kakafupi.
A Namaona anati mwaona, ngakhale awa sanamve.
Che Duwa anandithirira tiyi, nawonjezera shuga osafunsa,
maso ali pa mapazi anga.