Masitepe a Tesdahl

Ndakolopa masitepe a khoti lino zaka makumi awiri ndi zinayi,
mawondo anga sanadandaulepo.
Alendo amadabwa kufupika kwake.
Sadziwa kuti Halvor Tesdahl ankatsimphina,
kuti sitepe iliyonse anaiyeza ndi mwendo wake wolumala
asanaiyeze ndi rula.

Anafika kuno ku Dakota pa sitima ya tirigu
ndi chikwama cha mapensulo, ndi chifuwa chosamva mankhwala.
Dziko lopanda phiri, lopanda mtengo wousapo,
mphepo ikuyenda mwaumwini.
Anaimvetsera chaka chathunthu osajambula kanthu,
anthu n'kumati mutu wake sukoka.
Kenaka makomo onse anawalozetsa kummwera.

Bambo a mayi anga, Emil Kubista, ndiwo ankamuumbira njerwa
ndi dothi la mumtsinje wa Sheyenne,
lachikasu ngati dzino la hatchi yokalamba.
Anayambana chaka cha chilala
chifukwa cha khoma lakumadzulo la sukulu:
Tesdahl analigwetsa kawiri, ati lapendekeka ndi chala chimodzi.
Sanapatsanenso moni mpaka kumanda.
Koma khomalo linatopetsa katapila masiku atatu
pophwasula sukuluyo, ine ndili mtsikana.
Njerwa ankagulitsa dola imodzi.
Ndinagula ziwiri. Ina imatchinga chitseko cha kukhitchini.

M'banki yake lero akugulitsamo kaunjika,
mosungira ndalama muja mwadzaza nsapato za ana.
Tchalitchi chikadalipo,
nsanja yake yaifupi, yojintcha,
ngati mlimi amene wavala majekete awiri.
Ankati nsanja yaitali kuno n'kuputa mphezi dala.

Anafera m'kachipinda ka lendi pamwamba pa sitolo ya misomali,
nyumba yokhayo mumsewu wonsewo imene sanajambule yekha,
zenera lake loyang'ana kumpoto.
Mapulani ake eni nyumba anakulungira mapaipi
kuti madzi asaundane.

Tsopano kwabwera ophunzira a ku Fargo
ndi makamera, ndi chikwangwani chamkuwa
chimene chameza chilembo chimodzi m'dzina lake.
Akundifunsa ngati ndikudziwapo kanthu za mkuluyu.
Ndikuti bwerani mu Januwale, cha m'ma fili koloko,
dzuwa likalowa pazenera lozungulira lija
n'kuyamba kukwera masitepe imodziimodzi,
osathamanga,
n'kupumira pa yachisanu ndi chiwiri.
Ine ndimaimika chokolopera pakhoma,
ndimalidikira lidutse.