Chidutswa cha Nambala 41

Ku Delft mvula imagwa chopingasa.
Ndimatsamiritsa njinga pakhoma, n'kuvala zoyera
mpaka m'nsidze, pakuti m'chipinda muno
fumbi ndine.

Ntchito yanga ndi kusaka mbala.
Timajambula tinjira ta tantalamu pa kamwala ka safiro,
kachidutswa konga chikhadabo,
ndipo kukazizira mokwanira magetsi amayenda m'menemo
osapunthwa, osalipira kanthu.
Chitsulocho chilibe mlandu.
Mbala imagona m'zimene magetsi sadutsamo:
m'mwala wapansiwo, m'kadzimbiri kamene mpweya umapaka pamwamba,
kopyapyala moti diso silingakatsutse,
mmene tiatomu tosowa pokhala
timadumphira uku ndi uko, tikutapa mphamvu
ngati chala chokhudza belu likulira.

Ndiye timatsuka ndi asidi, n'kuthamanga nacho
mpweya usanachinyambite.
Wietske amachimangirira kunsi kwa firiji
yolendewera kudenga, ya mbale zagolide,
ndipo masiku awiri timadikira, pampu ikupuma mwabefu,
kufikira m'katimo mutazizira
kuposa mdima wa pakati pa nyenyezi.

Zidutswa makumi anayi zinatigwiritsa fuwa la moto.
Chotsatira chake
Jurriaan anachiiwala m'ng'anjo Lachisanu,
atamva kuti mwana wake wagwa panjinga
m'mbali mwa ngalande, dzino lagweramo.
Lolemba anachitulutsa osatiyang'ana kumaso.
Tinachiika m'firiji chifukwa malo analipo, basi.

Chinalira.
Kunjenjemera kwake kunakhala, kunakhalabe,
theka la gawo limodzi mwa magawo chikwi a sekondi.
Musaseke. Kuno umenewo ndi ukalamba.
Wietske anavula mandala, kupukuta ndi malaya,
kuyang'ananso, n'kutukwana chapansipansi.

Uno ndi mwezi wachitatu tikuyesa kuiwala mwadala.
Ng'anjo yomweyo, maola omwewo,
ngakhale Lachisanu talisunga,
koma mbala ikubwerabe, ikudya.
Jurriaan akuti mwina chitseko sichinatsekeke bwino.
Wietske akuti mwalawo unali wina.
Ine m'buku ndalemba mawu amodzi: sitikudziwa,
ndipo pansi pake ndasaina.

Mwana uja dzino linamera lina.
Dzulo anabwera, anakanikiza mphuno pagalasi
kutiona tonse tili mbuu ngati mizukwa,
n'kusiyapo kankhungu ka mpweya wake.
Ndinakayang'ana mpaka kanazimirira.
Kanakhalitsa kuposa zonse zimene ndapanga.