Adiresi ya pa Kalata

Amayi anatumiza masamba awo Lolemba,
mazana atatu ndi khumi,
zaka makumi anayi zosoka malaya a amalinyero
padoko la Valparaíso.
Yankho linafika Lachinayi.
Ine mutu woyamba wokha unanditengera sabata,
ndikuima kuti ndipukute m'maso.

"Buku lanu latigwira mtima," inatero kalatayo.
Dzina la bukulo sinalitchule.
Sinatchule Eleuterio, bambo anga,
amene amamira patsamba 90.
Pansi penipeni, m'zilembo zonga nyerere,
mapeso zikwi mazana asanu ndi anayi,
ati thandizo lochokera kwa wolemba.

Amayi anaipinda bwinobwino
n'kuilowetsa pansi pa makina osokera.
Usiku ndinawamva akukhuthula chitini cha mabatani
chomwe sichisunga mabatani okha.

M'mawa ndinakwera chikepe cha paphiri,
chija chimalira ngati bondo la nkhalamba,
adiresi ili m'manja.
Nambala 212 inali shopu yodula makiyi.
Don Baldomero sanazimitse n'komwe makina ake.
Analoza ndi chibwano timabokosi ta makalata.
"Amabwera mnyamata wa njinga yamoto, Lachisanu.
Ndinu wachinayi mwezi uno.
Wina anabwera ndi ndakatulo m'jumbo,
atavala tayi."

Ndinazungulira masitolo atatu a mabuku.
Palibe anagwirapo buku lawo ndi dzanja.
Wachitatu, mayi Griselda, anavula magalasi:
"Yang'anani komwe ndalama ikulowera, mwanawe.
Ikachoka kwa wolemba,
wogula ndi wolembayo, ndipo ali yekha."
Kuseri kwa lisiti anandilembera dzina lina.

Nibaldo Quilodrán ali kuseri kwa bekare.
Chipinda chake chimanunkha guluu ndi buledi,
tebulo lake ndi chitseko
chogonekedwa pa makatoni a mabuku osagulidwa.
Ndinakhala ndi mtima wa munthu wolumidwapo.
Ndinafunsa za pangano. Anatulutsa masamba awiri.
Ndinafunsa kuti bukulo likhala la yani.
"La amayi anu. Ine ndibwereka zaka zisanu."
Ndinafunsa mtengo. Anaseka mpaka kutsokomola,
kenaka analemba manambala atatu a foni.
"Awa ndinawasindikizira. Aimbireni.
Wachiwiriyu amadana nane, muyambe ndi iyeyo."

Ndinayamba ndi iyeyo.
Theka la ola analalatira chikuto chobiriwira
chomwe iye ankafuna chofiira.
Nanga ndalama? "Zimabwera Malichi aliyense.
Zogulira nsapato imodzi, koma zimabwera."

Masabata asanu ndi awiri, zii.
Amayi ankati ndawataitsa mwayi,
kuti enawo anayankha msanga ngati anthu aulemu.
Sindinawauze za makiyi.

Kenaka masamba anabwerera,
atadetsedwa ndi pensulo m'mbalimbali,
pena dontho la khofi, pena chidindo cha chala.
Mutu wachisanu uchoke wonse.
Mawu oti "tsoka" mwawalemba kasanu ndi kawiri patsamba limodzi.
Amuna anu amira kawiri, pa 90 ndi pa 204,
sankhani pamodzi.
Makope mazana awiri, mwina chaka chamawa,
ngati pepala silikwera mtengo.

Amayi anawerenga ali chiimire.
"Ndi wamwano munthuyu," anatero.
"Eleuterio anamiradi kawiri.
Kachiwiriko ndi tsiku lomwe anabweretsa nsapato zake."
Anakhala pansi. Anatsegula tsamba 204,
naliyang'ana nthawi yaitali,
kenaka anatenga choko chawo chosokera
n'kulemba mzere pamutu wachisanu
monga amachitira pansalu asanadule.
Tsamba 204 sanalikhudze.
"Ukamuuze abwere, ndimufotokozere."

Kalata ya Lachinayi ija ikadali pansi pa makina.
Ndinawapeza dzulo akuiwerenganso,
milomo ikuyenda pang'onopang'ono
pamzere woyamba wokha.