Mapindidwe

Ku Sheffield, m'chipinda chochapira cha chipatala,
ndimapinda nsalu za pabedi kuyambira mbandakucha.
Zikachuluka manja amasokonezeka,
ngodya sizikumana,
mulu umatseka khomo.

Dzulo Dokotala Haworth anandijambulira kapamba wanga papepala.
Akuti m'kati mwa maselo mulinso kachipinda kotere,
momwe mapuloteni amapindidwa asanatumizidwe.
Shuga wafulumizitsa ntchito,
zopindika molakwika zaunjikana.
Selo limayamba laimitsa makina kuti lipume;
zikakanika, limadzizimitsa lokha ngati nyali.

Ndinaseka, iye osamvetsa.

Lero mvula ikuwaza pazenera.
Mwatitha akukuwa kuti ngolo ina yafika,
yodzaza mpaka pakamwa.
Ndakhala pansi, mapazi akuyaka.
Idikire.
Nsalu ili m'manjayi
ndiipinda bwinobwino.