Diso la Yelesani

Botolo linaphulika Lachiwiri, dzuwa la Okutobala lili paliwombo.
Yelesani, mlongo wanga, anali pamwamba pa lole
akulandira makireti ku depoti ya pa msewu wa ku Lundazi,
wopanda zoteteza maso, manja ali pamtunda,
jombo zobwereka kwa mnzake wodwala.
Galasi linalowa m'diso lamanzere ngati munga wa mthethe.
Anzake anamutsuka ndi chakumwa chomwecho, poti mpopi unali wouma,
shuga ndi magazi zikuyenderera pa malaya
olembedwa dzina la kampani kumsana.

Malayawo ndinawasunga. Sindinawachape.

Zaka zisanu ndi zinayi akusenza,
koma pepala lake la ntchito limafa miyezi itatu iliyonse
n'kubadwanso Lolemba, khanda losadziwa penshoni.
Kuchipatala anamusoka, diso n'kuzima.
Ku ofesi bwana wa tayi yofiira anasuzumira mu kompyuta
nati, Yelesani Miti? Mulibe muno.
Ameneyu si wathu, ndi wa kontirakitala.
Kontirakitala anati lole si yanga.
Mwini lole ali ku Lusaka.
A ku Lusaka akuti eni ake enieni ali kutsidya kwa nyanja,
kumene diso la munthu wa ku Mchini
silifika n'kukula kwa kadontho pa lipoti la pachaka.

Ine ndimagulitsa zakumwa zomwezo pa Kapata.
Musandiyang'ane choncho.
Kabokosi kanga ka ayisi ndiko kamalipirira Tilyenji sukulu,
ndiko kanagula mankhwala a diso lomwelo.
Ndikamatsegulira kasitomala, botolo likati tsss,
mtima umangoti myuu, nkhope ndimathawitsira kumbali,
iye n'kumaseka kuti amayi mukuopa thovu.

Pa chikwangwani chachikulu cha pamphambano
mtsikana wa mano oyera akumwa, maso onse awiri akuwala.
Pansi pake analembapo za chimwemwe.
Yelesani amadutsa pomwepo atapendeketsa mutu
kuti aone njinga zochokera kumanzere.
Zamugunda kawiri.

Ndinayamba kutola zitsekerero.
Chimodzi cha diso la Yelesani.
Chimodzi cha msana wa Fakisoni Daka, amene masiku ano amagona chafufumimba.
Ziwiri za zala za Zondiwe zimene chitseko cha lole chinadya.
Chimodzi cha Alinesi, anamuchotsa pakati patayamba kuoneka.
China cha mnyamata uja anatchula za yuniyoni pa nkhomaliro,
m'mawa mwake mlonda osamutsegulira geti.
Chitini cha mkaka chinadzaza mvula isanagwe.

Dzulo tinapita ku ofesi ya za ntchito, anthu khumi ndi atatu,
Fakisoni tikumukankha pa wilibala.
Mlembi anati mubwere mawa, mafomu atha.
Ndinakhuthula chitini patebulo pake.
Zitsekerero zinagubuduka, zina mpaka kunsi kwa mpando,
aliyense n'kutola chake, kutchula dzina, tsiku ndi chiwalo.
Kenako ndinayala malaya aja,
dzina la kampani likuwerengeka bwinobwino pakati pa magazi ouma,
nyerere zikadafunafuna shuga m'misoko.
Ndinati, akuti si wawo. Nanga awa anamuveka ndani?

Mafomu anapezeka mu dilowa yachiwiri.

Kaya kalata yathu idzawoloka Luangwa,
kaya idzagona pashelefu mpaka chiswe chiiwerenge.
Amati mlandu suwola. Tiona.
Makireti aulere aja anatumiza ndi dalaivala pa Khirisimasi
tinawabweza osatsegula, ana akulira.
Ife tikufuna munthu wa dzina, amene siginecha yake imatsegula banki,
abwere ku Chipata kuno, akhale pabenchi
moyang'anana ndi Yelesani,
atchule yekha mtengo wa diso
diso latsalalo likumupenya.

Lero ndagulitsa mabotolo asanu ndi awiri, kunja kwazizira.
Zitsekerero zake ndaponya m'chitini china.
Zikulira kwambiri, poti chikadali chopanda kanthu.