Mpopi wa ku Northcliff

Lachiwiri mpopi unatsokomola kawiri,
unalavula dzimbiri m'ndowa
n'kukhala chete.
Akhansolo akuti mwina Lachisanu.
Anateronso sabata yatha.

Woyamba kugonja anali kapinga,
yemwe uja ndimameta ngati mutu wa mwana
wopita kukabatizidwa.
Mizu yake sipitirira chala.
Anazolowera kumwetsedwa m'bandakucha
ndi timipopi tozungulira tokha.
Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi
anali mphasa yakale yoiwalika pabwalo.
Marozi a Mayi Ramushu anazolika mitu.

Tsopano ndimatunga m'bafa,
otsala posamba, otsala pochapa,
ndowa zitatu patsiku, zonunkhira sopo.
Ndasanduka woweruza milandu:
uyu amwe, uyu adikire mawa.
Mtengo wa mandimu ndimaukondera,
sindikana.

Bulugamu wa pangodya sapempha munthu.
Makolo ake anawoloka nyanja kalekale
kudzachirikiza denga la migodi.
Iye watumiza mizu kunsi kwa mpanda,
kunsi kwa phula,
akumwa chamseri gawo la anzake.
Pamthunzi pake sipamera kanthu.

Kuseri kwa waya wamagetsi kuli kaphiri
komwe ndimadyera buledi masana.
Kumeneko kulibe paipi, kulibe mita,
mvula yomaliza inagwa mu Epulo
ndipo chisanu cha Juni chinawaula zonse.
Koma alovera wa m'miyala ali njo,
masamba onenepa ngati dzanja la wophika.
Ndinathyola nsonga: malovu tu, tu,
owawa mpaka m'makutu.

Tshepang, mwana wa nyumbayi,
amaphunzira za zomera ku yunivesite.
Anandipeza ndikulavula, anaseka.
Akuti pakhungu la tsamba pali timilomo
tosaoneka ndi maso.
Zomera zina zimayasamula tsiku lonse
ndipo dzuwa limazibera chinyezi chonse.
Uyu masana amatseka pakamwa,
amapuma usiku kukazizira.
Udzu wa m'mbali mwake umapinda tsamba
ngati kalata yosafuna kuwerengedwa.

Ogasiti moto unadutsa.
Wina anataya ndudu, kapena ndi ana.
Phiri linatsala bii,
phulusa likulowa m'maso ndi m'tiyi.
Ndinati zatha.
Patangopita masabata atatu, kopanda ndi dontho lomwe,
palupsa panatuluka timaluwa tachikasu,
tambiri, tosachita manyazi.
Ndinakumba kamodzi ndi mpeni wodulira marozi.
Pamwamba kanali kofupika ngati machesi,
pansi chinali chimbatata
chachikulu ngati mutu wa khanda,
chozizira, chonyowa, cha zipsera za moto wakale.
Tshepang akuti mwina n'chachikulu kuposa agogo ake,
n'chakale kuposa msewu uno.
Akuti nkhalango ya kuno
inasankha kukhala pansi.

Madzulo m'takisi yopita ku Diepsloot
ndinaganiza za a Jailosi Kamtukule,
tchona wa zaka makumi atatu,
amene sayankhula mokweza pamzere,
amene amayenda apolisi akagona,
amene chipinda chawo chinapsa kawiri
koma mwezi ukatha
ndalama imafikabe ku Ntcheu.
Sindinawauze za chimbatatacho.
Akanati ndayamba kumwa.

Tsiku la khumi ndi limodzi
mpopi unabuula, unalavula matope,
kenako madzi.
Mayi Ramushu anaomba m'manja pakhonde:
yambira kapinga, alendo akubwera Loweruka.
Ndinayambira kapinga.
Anamwa, anamwa, osanena zikomo.

Nditaweruka ndinakwera kaphiri
ndi botolo la madzi m'thumba.
Dzenje ndinakumba lija linali pomwepo.
Ndinagwada, ndinatsegula botolo,
ndinayang'ana chimbatata chija nthawi yaitali.
Kenako ndinangokwirira dothi ndi manja
n'kuikapo mwala wake.
Madziwo ndinamwa ndekha.

Kummwera, pamwamba pa milu yachikasu ya migodi,
kamtambo kamodzi kanali kuyesa.